Mafuta a ku Doba ndi eni ake

Mafuta akangosowa, pa Lizulu pamadzadza akatswiri. Wa kabaza amene wagona pamzere ndi njinga yake, mayi wa kabichi amene matumba ake akufota podikira lole ya ku Blantyre, ngakhale venda wa zigubu amene chamumtima akusekerera, onse yankho lawo ndi limodzi: mafuta ali m'nyanja mwathumu, boma likungochita ulesi kukumba. Tikadakumba kalekale, amatero, bwenzi mizereyi ili mbiri yakale.

Ine ndili ndi chigayo cha dizilo chakumtunda kwa msikawu, ndiye kusowa kwa mafuta sindichita kumvera pa wailesi. Ndisanayambe za chigayozi ndidaphunzitsa jogalafe kusekondale mpaka kupuma, ndipo matenda a uphunzitsi sachira. Ndikamva mfundo yopendekeka, pakhosi pamandiyabwa.

Mpaka lero palibe chitsime chomwe chatsimikiza kuti m'Malawi muno muli mafuta okwanira kugulitsa. Chilipo ndi chiyembekezo, poti chigwa chathuchi ndi mbali ya chigwa chachikulu chomwe ku Uganda adapezamo mafuta mu 2006, m'mbali mwa nyanja ya Albert. Boma lidadula dziko m'zigawo zisanu ndi chimodzi, zina panyanja zina pamtunda, n'kuyamba kupereka ziphaso zofufuzira mu 2011. Koma tiyerekeze kuti apezeka mawa lino. Adzakhala a yani?

Alamu anga amayendetsa thanki ya mafuta kuchokera ku Beira, kudzera ku Tete, kulowera pachipata cha Dedza. Iwo funsoli saliona chovuta. "Alamu, nthaka ndi yathu, ndiye mafuta ndi athu. Azungu akabwera tiwauze abwerere, tikumbe tokha." Ndimawakonda alamu angawa, koma pamenepa timasiyana, ndipo chomwe chimatisiyanitsa ndi nkhani ya dziko la Chad.

Ndasankha Chad osati Saudi Arabia kapena Nigeria chifukwa Chad ikufanana nafe. Ilibe doko, katundu wake amadutsa m'maiko a eni. Anthu ake ambiri ndi alimi, ndipo mafuta asanabwere ndalama zakunja inkazipeza ku thonje ndi ng'ombe. Kumwera kwa dzikolo, m'dera la Doba, komwe anthu amalima mapira, mtedza ndi thonje, ndi komwe kudapezeka mafuta m'zaka za m'ma 1970. Adakhala pansi pomwepo zaka pafupifupi 30. Nkhondo yapachiweniweni idachedwetsa zinthu, komanso panalibe njira yowatulutsira kupita kumsika. Mafuta opanda njira yotulukira palibe angawagule.

Ndifotokoze kaye mmene mgodi wa mafuta wa pamtunda umagwirira ntchito, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pamenepa. Pansi sipakhala dziwe ayi. Mafuta amakhala m'timipata ta mwala wamchenga, atasakanikirana ndi gasi ndi madzi amchere, ndipo pamwamba pake pamakhala thanthwe losadutsika lomwe lawatsekera kwa zaka mamiliyoni. Mukaboola thanthwelo, mphamvu ya pansi imakankhira mafutawo m'chitsime. Masiku oyamba amabwera mwaukali. Kenaka mphamvu ija imayamba kuchepa, pamafunika mapampu. Pakapita nthawi, madzi a pansi amalowerera m'malo momwe mwachoka mafuta, moti chitsime chimayamba kutulutsa madzi ambiri kuposa mafuta. Madziwo sangatayidwe kumtsinje, amayenera kulekanitsidwa ndi kubwezeredwa pansi, ndipo ntchito imeneyi imadya magetsi ndi ndalama. Choncho mgodi uliwonse wa mafuta uli ndi unyamata wake, ndipo umakalamba. Mgolo wa chaka chachitatu ndi wotsika mtengo kuutulutsa. Mgolo wa chaka cha 20 umatuluka movutikira, ndipo phindu lake ndi lochepa. Ngakhale pa unyamata pomwe, si mafuta onse a pansi amene amatuluka. Ambiri amatsalira m'mwala mpaka kalekale.

Ku Doba migodi yoyamba idali itatu: Komé, Miandoum ndi Bolobo. Akatswiri adawerengera kuti mungatuluke migolo pafupifupi 900 miliyoni, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Adakonza zoboola zitsime pafupifupi 300 ndi kuyala paipi ya makilomita 1,070 kudutsa dziko la Cameroon mpaka ku Kribi, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Mtengo wa ntchito yonse poyamba udaikidwa pa madola pafupifupi 3.7 biliyoni.

Ndalama zimenezo Chad idalibe. Adali nazo ndi makampani. Makampani a Shell ndi Elf, omwe adalimo poyamba, atatulukamo mu 1999, gulu la eni mgodi lidakhala la makampani atatu: ExxonMobil ya ku America ndi 40 peresenti, yomwenso inkayendetsa ntchito, Petronas ya ku Malaysia ndi 35 peresenti, ndi Chevron ya ku America ndi 25 peresenti. Phatikizani nokha. Zikukwana 100, ndipo dzina la Chad palibe. Kagawo komwe boma lidakhala nako kadali ka m'makampani oyendetsa paipi, ndipo nakonso lidagula ndi ngongole ya World Bank ya madola pafupifupi 40 miliyoni.

Kuno kwathu timadziwa za kubwereketsa dimba. Munthu wa ndalama zake amachokera ku Lilongwe, n'kubwereka dimba la gogo, n'kubwera ndi mbewu ya mbatatesi, feteleza, mankhwala, injini yothirira ndi aganyu ake. Dimbalo ndi la gogo ndithu, amfumu akhoza kuchitira umboni. Koma tsiku lokumba, matumba amakwera lole ya wobwereka uja. Gogo amatsala ndi zomwe adapangana pachiyambi, mwezi wa njala, pomwe sakadatha kukana. Ku Doba gawo la mwini nthaka lidali mtengo wa migolo 12 ndi theka pa migolo 100 iliyonse, ndipo ankawerengera atachotsa kaye ndalama zoyendetsera mafutawo mu paipi. Padalinso msonkho wa pa phindu, koma umenewo udayamba kukula makampani atabweza kaye zomwe adalowetsa.

Mafuta oyamba adalowa mu paipi mu Julayi 2003. Cha m'ma 2004 ndi 2005 ankatuluka migolo pafupifupi 170,000 patsiku. Amenewo ndi malita 27 miliyoni. Kuti alamu anga amve bwino ndidawawerengera m'mathanki: oposa 700 tsiku lililonse, la Mulungu lomwe. Adangoti kakasi.

Koma pa malita onsewo palibe ngakhale limodzi lomwe lidalowa mu njinga yamoto ya mnyamata wa ku Doba. Mafuta otuluka pansi ndi osayenga, ndi phala lakuda lomwe injini singamwe. A ku Doba ndi olemera komanso ali ndi asidi wambiri, moti zaka zoyambirira ogula ankawagula pamtengo wotsikirapo kuyerekeza ndi mafuta ena. Onse ankapita ku Kribi, kukwera sitima, kukayengedwa kutsidya kwa nyanja. Chad inkagulabe petulo ndi dizilo kuchokera ku Nigeria ndi Cameroon. Fakitale yoyengera mafuta idatsegulidwa mu 2011 ku Djermaya, kufupi ndi likulu la N'Djamena, yoyenga migolo 20,000 patsiku. Adamanga ndi a kampani ya mafuta ya CNPC ya ku China, amene adatenga 60 peresenti, boma 40, ndipo mafuta ake amachokera ku migodi ina ya dera la Bongor, osati ku Doba. Ndiye kwa zaka zisanu ndi zitatu dziko linkagulitsa mafuta kunja kwinaku likuitanitsa petulo. Wa kabaza wa pa Lizulu amene akuganiza kuti chitsime chikaboledwa mawa ndiye kuti mkuja mzere watha, aimve bwino imeneyi.

Anthu a m'midzi ya ku Doba adalandira chipukuta misozi cha minda ndi mitengo yawo, ndipo mtengo wa mango udakanganitsa anthu kwambiri. Mango amadyetsa banja chaka ndi chaka, pomwe kampani imalipira kamodzi. Migodi itayamba kutulutsa madzi msanga kuposa mmene ankayembekezera, adaboola zitsime zambiri kuposa zomwe adakonza poyamba, ndipo chitsime chilichonse chidadya malo ake, msewu wake ndi njira ya mawaya ake. Minda idapitirira kuchepa.

Tsono za ndalama. World Bank idalowa m'ntchitoyi mu 2000 italonjeza dziko lonse lapansi kuti ku Chad zinthu zidzayenda mosiyana ndi maiko ena a mafuta. Padakhazikitsidwa lamulo mu 1999. Ndalama za gawo la mwini nthaka zizifikira mu akaunti ya ku London. Pa ndalamazo, 10 peresenti isungidwe ya mibadwo ya mtsogolo. Pa zotsalazo, 80 peresenti ipite ku sukulu, zipatala, ulimi, misewu ndi madzi, 5 peresenti ipite kudera lomwe mafuta akuchokera. Padakhalanso komiti yoyang'anira, momwe mudali a mabungwe omwe si aboma. Papepala lidali lamulo lokoma zedi, ndipo ndikadali m'kalasi ndikadalilemba pa bolodi kuti ana akopere.

Chizindikiro choyamba chidaoneka mafuta asanatuluke n'komwe. Makampani adapereka madola 25 miliyoni ngati bonasi posainira, ndipo Pulezidenti Idriss Déby adatengapo 4.5 miliyoni kugulira zida za nkhondo. Mu Disembala 2005 nyumba ya malamulo idasintha lamulo lija, thumba la mibadwo ya mtsogolo lidathetsedwa, chitetezo chidalowa pa mndandanda wa zofunika. World Bank idaimitsa ngongole mu Januwale 2006. Déby naye adali ndi yankho lake: zigawenga zidafika mpaka mu N'Djamena mu Epulo 2006, zidabweranso mu Febuluwale 2008. Munthu amene mfuti zikulira kuseri kwa mpanda wake simungamuuze za adzukulu. Mu Seputembala 2008 Chad idabweza ngongole yonse ya paipi nthawi isanakwane, ndipo World Bank idanyamula zikwama zake. Mafuta adali atakwera mtengo, ngongoleyo idali itasanduka ndalama ya m'thumba, ndipo wobwereketsa adalibenso chogwirira.

Ndisanamizire makampani kuti sadapereke kanthu. Mitengo itakwera, msonkho udakula kwambiri, ndipo pofika cha m'ma 2013 boma la Chad lidali litalandira madola oposa 10 biliyoni kuchokera ku Doba. Misewu ina idamangidwa, nyumba zazitali zidakwera mu N'Djamena, asilikali adakhala ndi zida zoopsa. Koma pa mndandanda wa United Nations wa chitukuko cha anthu, Chad idakhalabe m'gulu la maiko a kumapeto kwenikweni. Umenewo si mlandu wa Exxon. Ndi mlandu wa amene adalandira ndalamazo.

Gawo lomwe limandiwawa kwambiri ndi la 2014, chifukwa ndi pomwe maganizo a alamu anga adayesedwa. Boma lidafuna kukhala mwini weniweni, osati wolandira gawo chabe. Lidali litakhazikitsa kale kampani yake ya mafuta, SHT, mu 2006. Chevron itafuna kugulitsa 25 peresenti yake, boma lidagula pa madola pafupifupi 1.3 biliyoni. Ndalamazo lidakongola kwa Glencore, kampani yogula ndi kugulitsa mafuta ya ku Switzerland, ndipo pangano lidali lakuti ngongole izibwezedwa ndi mafuta omwewo. Nthawi imeneyo, pakati pa 2014, mgolo unkagulidwa madola oposa 100. Pofika Januwale 2015 udatsika kupyola 50. Kumayambiriro kwa 2016 udafika cha m'ma 30.

Taganizani mmene masamu ake adakhalira. Ngongole ili m'madola, sisintha. Mtengo wa mgolo ukatsika ndi theka, pafunika migolo iwiri pomwe pankafunika umodzi. Ndipo migoloyo ikuchokera m'zitsime zomwe zapitirira kale unyamata, zomwe chaka chilichonse zikutulutsa zochepa. Mafuta ambiri a boma adayamba kungodutsa kupita kwa wobwereketsa, mosungira chuma cha dziko mukulowa zochepa. Mu 2016 boma lidadula ma alawansi a ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi adanyanyala, sukulu zidatsekedwa kwa miyezi. Ine ndidakhalapo pamzere wa malipiro ochedwa, ndiye ndikamawerenga za aphunzitsi a ku Chad ndimaona nkhope za anzanga. Ngongoleyo adaikonzanso mu 2015, adaikonzanso mu 2018, ndipo mu 2021 Chad idakhala dziko loyamba kupempha kuti ngongole zake ziunikidwe pansi pa ndondomeko yatsopano ya G20, gulu la maiko a chuma chachikulu.

Chevron sidabe kanthu. Idagulitsa pa nthawi yabwino, mtengo uli pamwamba, ikudziwa bwino msinkhu wa zitsime zake, poti mabuku a pansi pa nthaka idali nawo. Makampani akuluakulu amatero kulikonse: amadya zaka zonona, kenaka amagulitsa kwa wina wamng'ono kapena kwa boma lomwe lili ndi ludzu la umwini.

Ndi Exxon ubale udali wokokanakokana. Mu 2016 khoti la ku Chad lidailamula pamodzi ndi anzake kulipira chindapusa cha madola 74 biliyoni pa mkangano wa ndalama zomwe boma linkati silidalandire. Chindapusacho chidali choposa kangapo chuma chonse chomwe dzikolo limapanga pachaka, ndipo aliyense adadziwa kuti ndi mawu oyambira kukambirana. Adagwirizana mu 2017. Déby adaphedwa kunkhondo mu Epulo 2021, mwana wake Mahamat adatenga mpando. Mu Disembala 2022 Exxon idagulitsa gawo lake kwa Savannah Energy, kampani yaing'ono ya ku London, pa madola 407 miliyoni. Boma lidati silidavomereze malondawo, ndipo mu Malichi 2023 lidalanda gawolo kukhala la dziko. Savannah idakasuma ku bwalo la mikangano ya malonda la ICC. Chaka chomwecho gawo la Petronas nalo lidapita kwa SHT.

Onani kusiyana kwa mitengo iwiri ija. Mu 2014, gawo la 25 peresenti lidagulidwa madola 1.3 biliyoni. Mu 2022, gawo la 40 peresenti, pamodzi ndi masheya a Exxon a mu paipi, lidagulidwa 407 miliyoni. Nthawi imeneyo migodi ya ku Doba, yomwe idali itakwana isanu ndi iwiri, inkatulutsa migolo pafupifupi 30,000 patsiku. Patatha zaka 20 chitulukireni mgolo woyamba, Chad idakhala mwini wa Doba yense, monga alamu anga amafunira. Koma idalandira zitsime zotulutsa gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a zomwe zinkatulutsa pa unyamata, pamodzi ndi madzi ake onse, mapampu ake okalamba, milandu yake, ndi ntchito yodzatseka zitsimezo zikadzauma.

Alamu anga amati ndikuikira kumbuyo azungu. Ayi. Ndikungoti kuthamangitsa kampani pachiyambi n'kosatheka kwa dziko lopanda madola, chifukwa chitsime chimodzi chofufuzira chimadya mamiliyoni ambiri ndipo zambiri mwa izo zimapezeka zouma. Kuithamangitsa kumapeto n'kotheka, koma zonona zimakhala zitapita. Malo olimbanapo ndi patebulo, tsiku losainira, mgolo woyamba usanatuluke: gawo la mwini nthaka ndi lalikulu bwanji, kampani ingadzibwezere zingati pachaka tisanayambe kugawana, amene aziwerengera ndalama zomwe ikuti yalowetsa ndi ndani. Chomalizachi anthu sachilabadira, koma kampani ikamalemba yokha mtengo wa bawuti iliyonse popanda wofunsa, phindu logawana limachedwa kuoneka. A ku Uganda adalimbikira kuti kampani ya boma, UNOC, ikhale ndi 15 peresenti mgolo woyamba usanatuluke, pambali pa TotalEnergies ya ku France ndi CNOOC ya ku China, ndipo adakokera makampani kukhoti pa nkhani ya msonkho pomwe ankagulitsana magawo. Adachedwa nazo zaka zambiri, ena amawaseka, koma ine sindiwaseka.

Kwathu kuno tidalawako kale. Ku Kayelekera, ku Karonga, mgodi wa uranium udatsegulidwa mu 2009, kampani ya Paladin ya ku Australia ili ndi 85 peresenti, boma 15, ndipo gawo la mwini nthaka lidatsitsidwa kuti akope kampaniyo. Mu 2014 mgodi udaima mitengo itagwa. Chaka chomwecho, masiku ochepa chisankho cha pa 20 Meyi chisanachitike, mapangano ogawana mafuta adasainidwa ndi makampani ena a ziphaso zija, ndipo boma lomwe lidalowa lidaimitsa kaye ziphasozo kuti liziunikenso. Lamulo lomwe ziphaso zonsezo zidaperekedwera ndi la 1983, la nthawi ya chipani chimodzi, pomwe munthu sankafunsa zomwe akuluakulu asaina. Pa Lizulu ndi angati adaonapo tsamba limodzi la mapangano amenewo, ngakhale m'Chingerezi momwemo?

Ndipo pali wina woti adzadye nawo amene akatswiri athu samuwerengera. Paipi ya Chad ili ndi makilomita pafupifupi 900 m'dziko la Cameroon, ndipo Cameroon imalandira ndalama pa mgolo uliwonse wodutsa. Idayamba ndi masenti 41. Mu 2013 idakambirananso, mtengo udafika dola imodzi ndi masenti 30. Sidaboole chitsime ku Doba, sidakongole kwa Glencore, imangowerenga migolo pa mita. Yathu ikadzakhalapo idzayenera kukafika ku Nacala, ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Ndi Tanzania tikukanganirana kale malire a nyanja yomweyo. A Mozambique ndi awa, kungowoloka msewu wa M1 pamsika pomwepa, ndipo aliyense amene adagulako mbatatesi kutsidyako akudziwa kuti masamu amawatha.